Ngalande ya Nazinyalala

Dzuwa linali litapendeka pamene Nazinyalala ananyamula beseni la madzi otsukira mbale kupita nalo ku dzenje la nthochi kuseri kwa bafa. Madzi otere anzake onse m'mudzimo ankangowakhuthulira pabwalo, koma iye ayi. Pakhomo pake panalibe chotaya. Makoko a mbatata, phulusa, nthenga za nkhuku, masamba oyoyoka, chilichonse chinali ndi kopita, ndipo tsache anali ataliponya padenga kalekale. Dzina limenelo anam'patsa chifukwa cha zimenezi, ndipo linam'kanirira moti ngakhale ana ankamutchula choncho iye akumva. Ankadana nalo dzinalo, ndipo aliyense wolitchula pafupi naye ankachokapo makutu akulira.

Kumunsi kwa munda, pakhonde la kachipinda katsopano, mwana wake wamkazi anali atakhala pamkeka akusenda nandolo, mimba ili pakhosi. Ameneyu ndiye mwana yekhayo amene anam'tsalira. Mimba zam'mbuyo za mwanayu zonse zinapita padera, ndipo itachoka yomaliza anamwino sanawabisire: magazi ndi ochepa, akapanda kumadya masamba, zipatso ndi mazira, ulendo wina sadzataya khanda lokha, adzapita ndi mwini wake yemwe. Nazinyalala anamva mawuwo ataluma mano. Atafika kunyumba anayang'ana kamunda kawo ka pamtsetse, kofiira, kokokoloka, kongobereka miyala, n'kulumbira kuti kameneka kadyetsa mwana wake, kafune kasafune. Tsopano mwanayo anali ndi pakati penanso, ndipo anali atabwera kudzachirira kwa amayi ake.

Nzeru zake anazitenga kwa mlangizi wa zaulimi amene ankabwera pa njinga yamoto. Mlangiziyo anauza amayi ambiri, koma amene anamvera ndi iye yekha. Anati munthu asanagwire khasu ayambe waima pamvula, aone kumene madzi akuchokera ndi kumene akuthawira. Nazinyalala anaimadi pamvula, thumba kumutu, anthu akumuseka m'makonde mwawo. Atatero anayamba kuika chilichonse pamalo pake. Ndiwo zamasamba anabzala pafupi ndi khitchini, poti munthu n'kukathyola mphika uli pamoto. Khola la nkhuku analiika kumtunda kuti zitosi zizitsikira m'mbewu. Nthochi anazunguliza dzenje lolandira madzi a kubafa, mapapaya ndi cham'mwamba kumbali yochokera mphepo, nandolo ndi chinangwa pakati, maungu akuyanga pansi, ndipo dothi lonse analifunditsa masamba ndi mapesi. Pamwamba penipeni, kuchokera malire kukafika malire, panayenera kudutsa ngalande yaikulu yopingasa, yoyezedwa bwino kuti madzi ochokera kuphiri asapendekere mbali iliyonse, angoima phee n'kulowa pansi. Dothi lokumbidwamo linali loti aliunjike kumunsi kwake likhale mgula.

Choyezera anam'khomera ndi mwamuna wake, kalipentala wofatsa mopitirira muyeso, munthu woti ungamuponde phazi iye n'kukupepesa. Chinali cha mitengo itatu, chingwe ndi mwala wolendewera. Anayenda nacho awiriwo m'mundamo akukhoma zikhomo, mpaka anafika pa mpita.

Mpita umenewu unkachokera m'kankhalango ka pamwamba pa phiri, kamene munthu sankatolamo nkhuni, n'kutsika mowongoka kudutsa pakati pa munda wawo mpaka kumtsinje. Kukula kwake kunali kongokwana munthu mmodzi. Unali wouma gwa ngati simenti, sunkamera udzu ngakhale pakati pa dzinja, ndipo nkhuku sizinkapalasapo. Nazinyalala anauyesa njira ya madzi. Komatu tsiku limene anaima pamvula lija madzi sanadzere pamenepo, ankachita kupalambalala. Anaona ndi maso ake ndithu, koma mutu wake unali pa mwana, ndiye sanazisamale.

"Apa tisiye kampata, mayi," anatero kalipentala uja, maso ali pansi.

Atamufunsa chifukwa chake, bamboyo anangong'ung'udza kuti dothi lake ndi lolimba, lithyola khasu. Nazinyalala anamuuza kuti ngalande yokhala ndi mpata ndi ndowa yobooka, ndipo ngati akuopa matuza akakhale pamthunzi. Anatenga piki yekha n'kuudula mpitawo pakati.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankapeza mgula utagumulidwa, pamalo pomwe pomwepo, mikwingwirima ya khasu ikuoneka. Ankakwirira, mawa lake n'kupeza chimodzimodzi. Abale, mkwiyo wake! Ngalandeyo inkathera kum'mawa pafupi ndi khitchini ya bambo wokhoma zidebe, ndipo kumadzulo inkathera pa mpanda wa mayi wogulitsa makala. Nazinyalala ankaima pamalire manja ali m'chiuno, lero uku, mawa uko, n'kuwatsukuluza onsewo ndi mawu. Ankawatcha ansanje, alesi, anthu osesa dothi lawo lomwe mpaka kutsala mwala kenako n'kumalira njala. Mwamuna wake nthawi yonseyi ankangopala matabwa pansi pa mtengo wa mango, osatukula mutu.

Mvula italeka, kalipentala anapeza ntchito yokakhoma denga kutali ndipo anakhalitsako. M'mbuyo muno Nazinyalala anati tione. Anatuta miyala pamutu n'kuitsendera mu mgula pamalo pogumulidwa paja, anabzalapo udzu wa vetiva mothithikana, kutsogolo kwake n'kundandikapo khonje. Chigumulire chinatha pomwepo. Ndiye poti mwana wake anali pafupi kubwera, anafuna pomumangira kachipinda kakekake. Mlangizi uja anali atanena kuti nyumba uzimanga pa dothi losabereka, labwinolo uzisiyira mbewu. Dothi losabereka m'munda monsemo linali pa mpita basi. Mmisiri amene anamuitana kudzamanga anachita kuyamikira kuti pansi pake mpolimba, sipakufunikanso maziko akuya. Khomo analiyang'anitsa kumtunda, kuti mwanayo akadzuka aziona zobiriwira.

Madzulo amenewo tsono, akukhuthula madzi aja m'dzenje la nthochi, Nazinyalala anamva masamba ouma akulira kumtunda. Tswa, tswa, tswa, pang'onopang'ono, mayendedwe a munthu wosenza katundu wolemera. Anafika pa ngalande n'kuima. Nkhuku zimene zinkakanganirana malo m'khola zinangoti zii. Kenako kunabwera fungo, la nyama yogonera losakanikirana ndi utsi wa nsanza, moti anachita kulavula.

Anaganiza kuti wogumula mgula uja wayambiranso. Anatola chikwanje n'kukwera mtunda akutukwana, akuti lero lokha amuona nkhope. Kunali kusanade, munthu ukanatha kuzindikira mnzako ali kutsidya kwa munda. Pa ngalandepo panalibe munthu. Koma panali kupuma, kwa wefuwefu, ndipo sikunali kwa mmodzi. Akuyang'ana choncho, masamba a m'ngalandemo anayamba kubonyokera pansi, apa, kenako apo, kenako patsogolo pake, kulowera kum'mawa. Ena anatsatira pambuyo, enanso pambuyo pa amenewo. Nazinyalala anaima kakasi chikwanje chili m'manja mpaka phokosolo linazilala.

"Amayi, mumalankhula ndi ndani?" mwana wake anamufunsa iye atatsika.

"Mbuzi za anthu. Lowa m'nyumba, kwayamba kuzizira."

Kutacha, mbuzi za wokhoma zidebe anazipeza zitafa zonse m'khola. Zinalibe bala, khola linali lotseka, koma misana yake inali itapindikira pansi ngati wina anazikhalira. Sabata isanathe, mkazi wa wokhoma zidebeyo anatuluka chisisira kukatenga nkhuni kuseri kwa khitchini, ndipo anamupeza atagwa chafufumimba pomwe ngalande ija inkathera. Anamunyamula ali moyo. Amene anamugoneka ananena kuti ankangobwereza mawu amodzi, kuti amutule, amutule, walema. Mapewa ake anali atachita mikwingwirima yakuda, ndipo sanafike m'mawa.

Nazinyalala anapita kumaliroko ndi dengu la masamba ndi mapapaya, monga mnansi. Amayi anasuntha mikeka atamuona. Dengu lake wina analikankha ndi phazi, zamkatimu n'kukhuthukira m'fumbi, ndipo palibe amene anatola. Anabwerako misozi ya ukali ikutsika, akulumbira kuti tsiku limene adzafe iwowo adzapita kukavina.

Mphekesera zinayamba kuyenda ngati moto wa m'tchire. Munda wobiriwira pakati pa chilimwe, anzake onse atauma, unawuonapo kuti? Mzimayi mmodzi angakumbe yekha chingalande chonsecho? Ena anati ali ndi ndondocha zimene zimamulimira. Ena anati sasesa pabwalo dala, kuti mapazi a alendo ake asamaoneke. Ena anati m'dzenje la nthochi muja simulowa madzi okha, n'chifukwa chake mikoko yake imafika pansi. Koma anthu! Mzimayi manja atang'ambika ndi piki, msana utapindika ndi miyala, iwo akusewera bawo pamthunzi, lero thukuta lakelo lasanduka ufiti. Ku mjigo ndowa yake ankaidumpha pamzere. Tsiku lina anazigubuduza ndowa za onsewo, n'kuwauza kuti mankhwala ake ndi khasu ndi zitosi za nkhuku, wofuna abwere amupatse.

Koma mumtima ankadziwa kuti zinthu sizili bwino. Dzuwa likangolowa, mapazi aja ankatsika, n'kuima pa ngalande, n'kuyamba kuyenda chopingasa, uku ndi uko, ngati mbuzi yapachingwe. Masamba a m'ngalandemo anaperepeseka kukhala fumbi, ndipo pansi pake panauma gwa. Fungo lija linkakanirira m'zovala zoyanika. Sanauze munthu, nanga akanauza ndani? Chimene anachita n'choti analetsa mwana wake kukwera kumtunda. Nyumba yaikulu inali pafupi ndi ngalande, kachipinda kaja kanali kutali, choncho anaona kuti mwanayo ali pabwino kumene aliko. Ankamutsekera yekha chitseko kukamada, atamupatsa mazira ndi masamba, ndipo masaya a mwanayo anali atayamba kubwerera.

Kenako zinagwa kumadzulo. Mwana wamwamuna wa mayi wogulitsa makala, chimunthu cha mphamvu chimene chinkakweza matumba pa njinga chokha, anagwa pa mpanda wa amayi ake akukodza. Nayenso anapempha kuti amutule. Anamuika m'manda anthu asakulankhulana, ndipo pobwerera onse ankayang'ana kumunda kobiriwira kuja.

Kalipentala anabwerako masana a tsiku lotsatira, bokosi la zida lili paphewa. Analowa pachipata akumwetulira, koma ataona kachipinda kaja anaima. Anayang'ana kachipindako, n'kuyang'ana khonje ndi vetiva pa mgula, n'kuyang'ananso kachipindako. Bokosi linagwa, misomali n'kumwazika. Anafunsa amene amagona mmenemo, ndipo atamva kuti ndi mwana wawo anakhala pansi pafumbi.

Nazinyalala anamugwira malaya n'kumuuza kuti alankhule. Zinatuluka movuta. Anati bambo ake pomupatsa malowo anamulangiza chinthu chimodzi, kuti mpita uja ndi njira ya eni ake. Asalimepo, asamangepo, asafunse. Amatsika kuchokera m'kankhalango kaja dzuwa likalowa, atasenza zimene asenzazo, kupita nazo kumtsinje, ndipo pobwerera amadzera kwina. Zaka zonsezi akhala akudutsa pambali pa nyumba osakhudza ngakhale mwanapiye. Koma ndi katundu wawoyo sakwera chitunda, ngakhale chaching'ono. Amatsika, kapena kuyenda pamene pali pofanana. Akatsekeredwa amatsata pomwe pawatengera, ndipo akalema amatula katunduyo pa aliyense amene am'peza.

"Ndiye amene ankagumula mgula wanga uja..."

"Ndinali ine, mayi. Ndimati ndikabwerako ndidzakufotokozerani bwinobwino."

"Bwinobwino! Ndatukwana mudzi wonse chifukwa cha inu. Anthu awiri ali m'manda. Ndamanga chipinda cha mwana wanga pamsewu wa afiti, inu mukudziwa, muli chete ngati chitsa. Pakamwa panu munasokapo?"

"Ndimaopa kuti mundiyesa mmodzi wa iwo."

Anamufunsa kuti iwowo ndi ndani. Kalipentala anapukusa mutu. Anati sakudziwa, bambo akenso sankadziwa, koma si ochokera kutali. Mwina amatunga nawo madzi, mwina amakhala nawo benchi imodzi popemphera. Nazinyalala anamukankha n'kumusiya ali pansi pomwepo. Sanadanepo ndi munthu ngati mmene anadanirana naye mwamuna wake nthawi imeneyo, ndipo anamuuza pamaso.

Komabe zochita zinali zoonekeratu. Anagwirizana kuti asamutse mwana, mawa agwetse kachipindako, kenako atsegule mpata kuti eni njira azidutsa. Zikanatheka ndithu. Koma akutsika kukamuuza, anamupeza atagwada pamkeka atagwira mwendo wa bedi, madzi atasweka kale, thukuta lili kamukamu. Kuyenda sakanatha. Kalipentala anathamangira kumsewu kukafuna galimoto. Nazinyalala anapukuta mwana wake kumaso, n'kumuuza kuti alimbe mtima, akukatenga nsalu ndi wilibala kunyumba yaikulu kuti amuchotse mmenemo, abwera pompano.

Akutuluka m'nyumba yaikulu nsalu zili m'manja, anapeza bwalo ladzaza. Amuna anali ndi makasu ndi zikwanje, amayi ali pambuyo, ndipo kutsogolo kunali wokhoma zidebe, maso ali psuu, ndi mayi wa makala atamanga nsalu m'mimba. Dzuwa linali litakhala pamwamba pa mitengo. Wokhoma zidebe ananena kuti sanabwere kudzapha munthu, abwera kudzafafaniza munda wa ufitiwu kuti mudzi upume.

Pamenepa mpamene Nazinyalala analakwitsa, chifukwa ananena zoona. Anawauza kuti inde, m'ngalandemo muli zinthu, zimayenda dzuwa likalowa, ndipo n'zimene zapha anthu awo. Anati iyenso wazidziwa lero lomwe. Anawapempha kuti agumule chilichonse chimene akufuna, nthochi, khola, nyumba imene, koma mgula wokha audikire mpaka atachotsa mwana wake m'kachipinda kaja.

"Mwamva nokha," anatero mayi wa makala, osakweza mawu. "Wavomera."

Anayesa kudutsa pakati pawo kuthamangira kumunsi, koma anamugwira. Analuma wina padzanja, anang'amba malaya a wina, anaponda winanso pamimba, koma anali ambiri. Anamumangirira ku mtengo wa mango ndi chingwe cha mbuzi, manja kumbuyo. Anawatchula mmodzimmodzi, amene anawapatsapo mbewu, amene anawachezera pa matenda, kuwapempha kuti mmodzi yekha atsike akamutulutse mwanayo. Palibe amene anasuntha. Anati m'kachipindamo ndi mmene muli mankhwala ake, wolowamo satulukamo.

Anayamba ndi nthochi. Mikoko inagwa, mapapaya anagwa, khola linaphwasulidwa nkhuku n'kubalalika, maungu anawaponda ndi mapazi. Ntchito imene inamudya manja anaimaliza nthawi yosakwana kuphika nyemba, ena akuseka kumene. Atafika pa mgula anaima, chifukwa unali wautali ndipo sanadziwe poyambira. Pamenepo mawu anachokera kumbuyo kwa gululo, mawu ofatsa, osadziwika ngati ndi a mwamuna kapena a mkazi.

"Yambani apo pali khonjepo."

Nazinyalala anapotoza khosi kuti aone wolankhulayo, koma anangoona mitu ya anthu amene ankawadziwa onse. Anakuwa kuti amene wanenayo ndiye mfiti yawo, amugwire ameneyo. Makasu anali atayamba kale. Anazula khonje, anatema vetiva, anagubuduza miyala imene anatuta pamutu ija, ndipo dzuwa likulowa mpata unali utatseguka.

Fungo ndi limene linayamba. Amene anali ndi makasu anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno, ndipo kuseka kuja kunatha. Kenako anamva onse, tswa, tswa, tswa, kuchokera mbali zonse ziwiri za ngalande, kum'mawa ndi kumadzulo, kukumana pa mpata paja. Kupuma kwake kunali kwa anthu amene alema kwa nthawi yaitali. Masamba a maungu anayamba kuphwanyika mumzere wowongoka kutsikira kumunsi. Wina anaponya khasu, ndipo gulu lonse linangoti balala, kudumpha mpanda, kugwerana, amayi kutaya nsapato. Palibe amene anakumbuka kumasula chingwe.

Nazinyalala anaitana mwana wake ndi mawu onse amene anali nawo, kumuuza kuti akwawe, atuluke, agwere panja ngakhale pawindo. Anaona chitseko cha kachipindako chikutseguka chokha, pang'onopang'ono, kulowera mkati. Mapazi analowa, ndipo ankangolowabe. Nazinyalala anakoka manja mpaka khungu linasupuka n'kutsalira pachingwe. Akuthamanga kutsika anamva khoma lakumbuyo likung'aluka, njerwa n'kugwera kunja.

Mwana wake anamupeza atagona chafufumimba pamkeka. Anamutembenuza n'kumuika pamiyendo. Maso anali otsegula, ndipo anawazindikira amayi ake.

"Amayi, nditulenitu. Ndalema."

Anamugwira mapewa, anamusisita msana, anakankha mpweya wopanda kanthu pamwamba pake akutukwana, koma panalibe choti n'kuchigwira. Mwanayo anapuma kawiri n'kusiya. Nazinyalala atatsitsa dzanja kuti akhudze mimba, anapeza yaphwa. Anafunafuna pamkeka, pansi pa bedi, m'nsalu, m'njerwa zogumuka zija. Khanda panalibe. Ndiye kudzera pa chibowo cha khomacho, kumunsi cha kumtsinje, anamva kulira kwa mwana wongobadwa kumene, kukunka kutali.

Kalipentala anafika ndi galimoto zonse zitatha. Kumaliro kunabwera anthu owerengeka, ndipo manda anakumba yekha bamboyo ndi abale ake ochokera kwina. M'mudzimo imfa zinaleka, ndipo anthu anati si izi, tinanena ife. Anati mfitiyo itaona kuti yagwidwa inadya mwana wake yemwe pamodzi ndi mdzukulu. Ankanena zimenezi ku mjigo mokweza, atatsuka m'maso, anthu omwe aja amene anamumanga pamtengo akuwachonderera. Mmodzi yekha wobwera kudzapepesa sanapezeke.

Nazinyalala sanawayankhe, ndipo zimenezi n'zimene zinamuopsa mwamuna wake kuposa kutukwana konse kuja. Madzulo aliwonse ankakhala pambali pa mpita, m'munda wophwasukawo, akumvetsera mapazi akutsika. Pakati pa mapaziwo pankamveka khanda likulira. Linali lisanafe. Ankatambasula manja, ankawapempha, ankawatukwana, koma ankangomudutsa.

Tsiku lina m'mamawa kalipentala anadzidzimuka ndi kulira kwa piki. Anatuluka n'kupeza mkazi wake atatseka kale mpata uja ndi miyala, ndipo tsopano ankakumba kupitirira malire. Ngalandeyo anali ataikhotetsa kudutsa kuseri kwa khitchini ya wokhoma zidebe, motsetsereka pang'ono, kulunjika pakati pa mudzi pamene nyumba zinathithikana. Bamboyo anamugwira dzanja n'kumukumbutsa kuti kumeneko kuli ana, kuli anthu amene sanabwere n'komwe tsiku lija.

"Ndiye amene ananena za khonje uja akawauze anzake," anatero Nazinyalala. "Kumtsinje safikako mpaka atanditulira mdzukulu wanga pakhomo pano."

Kalipentala analowa m'nyumba, anatolera zida zake m'bokosi, n'kutuluka. Podutsa m'mudzimo anapatsa moni aliyense amene anakumana naye, mwaulemu monga mwa masiku onse, ndipo sanachenjeze munthu.

Dzuwa litalowa mapazi anatsika kuchokera kuphiri, anafika pa miyala ija n'kuima. Anaima nthawi yaitali, khanda likulira pakati pawo. Nazinyalala anali atayala nsalu yoyera pansi patsogolo pake, manja atatambasula. Palibe chimene chinaikidwapo. Kenako anamva akutembenuka, mmodzimmodzi, kulowa m'ngalande yatsopano ija, kumene amayi anali akuitana ana awo kuti abwere adzasambe.